Chingwe cha ku Khola

Mtsikana wa zanyengo wanena katatu lero,
mawu ake osalala ngati sakunena za ife:
namondwe wanyamuka pa nyanja ya Okhotsk,
afika kuno ku Betsukai Lachinayi kusanache.
Chipale chofewa chidzalekeza m'chiuno,
mwina kupitirira.
Pa mapu ake dera lathu lapakidwa utoto wofiirira
ngati bala la dzana.

Mwezi watha ananenanso zomwezi.
Tinakhoma mazenera, tinagula parafini wa sabata yonse,
kenako kunangogwa kaufa
kosakwana n'kukwirira chala.
A Shigemitsu anaseka mpaka kutsamwa pa golosale.
Koma lero ndawapeza ali duu pa mzere wa mabatire,
akusisita bondo lawo lamanzere.
"Ili silinama," atero, osandiyang'ana.

Ndiye ndawerenga zanga.
Makandulo asanu ndi anayi. Mpunga ulipo.
Jenereta yadzuka nditaikoka kasanu,
yakhosomola utsi, yavomera.
Magetsi akathima, ng'ombe makumi anayi
sizidziwa za mawaya oduka;
mabere akadzaza zimangolira basi,
ndipo manja ndili nawo awiri okha.

Galimoto ya mkaka yabwera msanga.
Noboru sanatsike n'komwe,
wangotsitsa galasi: "Mayi Hatsue, mwina Lamulungu."
Mwina.
Tanthauzo lake ndikulidziwa:
mkaka wa masiku atatu kuutaya m'ngalande,
woyera kukalowa m'zoyera.

Michiru waimba foni kuchokera ku Sapporo.
Akuti nditseke nyumba, ndikagone ku holo ya boma
komwe kuli mabulangete ndi anthu.
Ndamufunsa ngati holoyo ili ndi malo a Nambala 17,
amene mimba yake yatsika kale,
amene akuponda-ponda udzu chiyambire m'mawa.
Wakhala chete.
Kenako: "Mwamanga chingwe?"

Chingwe.
Bambo ake ndiwo ankamanga, chaka ndi chaka,
kuchokera pa chitseko cha kukhitchini kukafika ku khola,
mapazi makumi asanu.
Ankati tsiku loyera kuposa onse ndilo lakhungu:
munthu amafera pabwalo pake pomwe,
nyale ya m'nyumba mwake ikuyaka kumbuyo kwake.
Chisanu chino n'chachiwiri chipitireni iwo.

Ndachipeza pa msomali pomwe anachisiya,
chouma gwa, chonunkha dizilo ndi manja awo.
Mfundo yawo sindinaiphunzire,
ndinkayesa nthawi ilipo.
Ndamanga yanga, yosaoneka bwino, itatu yosanjikiza,
ndaikoka ndi thupi lonse.
Yagwira.

Tsopano kunja kwangoti zii.
Akhwangwala achoka pa denga la shedi osatsanzika.
Mumsewu, mivi yofiira yolendewera pa mitengo yachitsulo
ikuloza pansi, pomwe phula limathera,
kudikira tsiku loti msewu uiwale njira yake.
Kumpoto thambo lalemera ngati bulangete lonyowa.

Fosholo ndailowetsa m'nyumba,
pakuti fosholo yogona panja
imafuna fosholo ina kuti uipeze.
Madzi ndatungira m'bafa, m'mapoto, m'ndowa zonse.
Nsapato ndaziika pafupi ndi moto,
zoyang'ana kukhomo.

Wailesi ikuti wafulumira,
afika pakati pa usiku.
Mtsikana uja mawu asasa pang'ono;
nayenso sanagone,
kapena ali ndi mayi ake kwinakwake kuno.
Za mwezi watha ndamukhululukira.
Ndikupempha alakwitsenso.

Ndazimitsa nyale kuti ndione bwino panja.
Kanthu kamodzi koyera katera pa galasi,
kakhala kaye ngati kakuganiza,
kasungunuka.
Kena.
Tina tiwiri.
Chingwe chayamba kugwedera mu mdima.
Ku khola Nambala 17 walira kamodzi,
kulira kwakutali, kochokera pansi pa mimba,
ndipo ine ndikuvala magolovesi.